Mwamuna Wobwereka Kusikelo

"Ndiwerengere dzina ili, mayi a Junior. Mwina maso anga ndiwo akundinamiza."

Wyson anali ataima pakhomo la kuchipinda, khadi la kusikelo lili m'manja. Mkazi wake Zione anali pamkeka akuyamwitsa Mwawi, khanda la masabata atatu, uku Naomi wa chaka ndi miyezi isanu akulimbirana nalo bere linalo. Kunja, pafupi ndi zenera, a Ketrina, achemwali ake a Wyson, ankasesa pamalo pomwe anali atasesa kale. Ndiwo anapeza khadilo m'chikwama cha matewera m'mawa umenewo, ndipo m'malo molibweza kwa mwini wake anakalipereka kwa mlongo wawo.

"Palembedwa Efraimu," anayankha Zione osadzutsa mutu.

"Efraimu wake uti?"

"Wa njinga yamoto ya bodaboda uja amaima pamtengo wa mango kumsika."

"Ndiye mwamuna wako ameneyo?"

"Pakhadipo, inde."

Wyson anali atakhala ku Mbamba Bay, tsidya lina la nyanja, zaka khumi chichokere kwawo ku Nkhotakota, akukonza mainjini a maboti, choncho Chiswahili ankachiwerenga bwinobwino. M'munsi mwa dzinalo anesi anali atalembanso kuti mayiyu akachira akufuna kijiti, njira yakulera ya pamkono ija, ndipo anaika tsiku loti adzabwere mwana akakwanitsa masabata asanu ndi limodzi. Wyson anawerenga mzere umenewo mokweza, kawiri, kuti wosesa panja uja amve.

Zione anafotokoza modekha, ngati munthu amene anali ataiyembekezera kalekale nkhaniyo. Ali ndi pakati pa miyezi inayi anamupempha katatu kuti apite limodzi kusikelo. Koyamba Wyson anati kuli injini yomudikira ku Chiwanda. Kachiwiri anati sikelo ndi ya azimayi. Kachitatu anangonyamula bokosi la masipanala n'kupita ku Lituhi masabata awiri. Pachipatala chaching'ono chimene ankapitako, amayi obwera ndi amuna awo ndiwo ankalowa. Obwera okha ankauzidwa kuti akatenge kaye kalata yofotokoza kumene bambo ali. Zione anabwezedwa kawiri, chizungulire chikumugwira panjira. Ulendo wachitatu mayi wina pabenchi anamunong'oneza kuti apite pamango paja akafunse Efraimu. Efraimuyo anakhala naye pabenchi ola limodzi, anabayidwa chala pamodzi naye, anagwedeza mutu pamene panafunika kugwedeza, kenako anabwerera kunjinga yake atanyamula m'pepala zitumbuwa zimene Zione anamupatsa pomuthokoza.

"Mphuno imodzi silowa zala ziwiri," anatero Wyson. "Nanga za kijitizi unafunsa ndani? Ine kapena iyeyo?"

"Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, bambo a Junior. Ana anayi m'zaka zisanu ndi chimodzi. Pa Mwawiyu ndinataya magazi mpaka anesi anachita kuitanitsa galimoto. Anandiuza maso ndi maso kuti ndikatumbizanso thupi silidzalola. Ndinkafuna kukuuzani, koma nkhani iliyonse imene muli mawu oti sikelo mumaithawa ngati moto."

Apa a Ketrina analowa, tsache lili m'manja. Anati mayi awo anabereka ana asanu ndi anayi popanda kubayitsa kanthu pamkono. Anati mkazi wofuna kijiti ndi wofuna kuyenda osagwidwa, ndipo utsi sufuka popanda moto. Kenako anawerama n'kuyamba kuyang'anitsitsa makutu a khandalo, khutu ili kenako ili. Zione anatembenukira kwa mwamuna wake kudikira kuti alankhulepo. Wyson anaika khadi m'thumba la malaya n'kutuluka.

Mumtima ankadziwa kuti mwanayo ndi wake. Zala zakumapazi zopanikizana zija zinali za kubanja kwawo. Ankadziwanso chifukwa chenicheni chimene ankathawira sikelo. Ku Lituhi kunali mayi wina wophikira asodzi, ndipo Wyson akapita kukagwira ntchito kumeneko sankagona kwina. Chaka chapitacho mayiyo anayamba kuwonda ndi kutsokomola, abale ake n'kudzamutenga kupita naye kumapiri. Kuyambira pamenepo Wyson ankati akamva kuti kusikelo amayeza magazi a mwamuna ndi mkazi pamodzi, mantha ankamugwira. Kukwiya kunali kopepuka kusiyana ndi kunena zimenezo.

A Ketrina anangouzako mnzawo mmodzi wa kukwaya, namutsina khutu kuti asauze munthu. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika mpaka kudoko. M'tchalitchi amayi awiri anasuntha pabenchi pamene Zione anakhala. Kugombe asodzi anayamba kumufunsa Wyson kuti mnzake wa m'banja wadzuka bwanji, ndipo wina anamulangiza kuti azigawana masiku kuti pasakhale ndewu. Iye ankangoweramira injini, makutu akutentha, osatsutsa komanso osavomera. Kunyumba ankadya osalankhula, n'kumadziuza kuti wolakwiridwa ndi iyeyo.

Lachitatu la sabata yotsatira, dzuwa lili pamutu, kunabwera Bibiana, mkazi wa Efraimu, mwana kumbuyo, mtolo pamutu. Anaima pakati pa bwalo, anamasula mtolowo n'kukhuthulira pansi zonse: mathalauza, malaya, jekete lokwerera njinga, ngakhale zovala zamkati. Analankhula m'Chiswahili, mokweza kuti ndi a tsidya la msewu omwe amve. Anati poti Zione ndiye mkazi wolembedwa m'mabuku a kuchipatala, achape yekha zovala za mwamuna wakeyo. Iye akubwerera kwa makolo ake ku Liparamba. Anthu anadzaza kumpanda. Junior ndi Vanessa, ana akuluakulu a m'nyumbamo, anabisala kuseri kwa chitseko. Zione anayesa kufotokoza, koma Chiswahili chinamuthawa, mawu n'kumatuluka osakanikirana ndi Chichewa, ndipo ena kumpanda anaseka.

Wyson anali m'nyumba. Anali atabwera kudzadya, ndipo zonse anazionera pampata wa katani. Mawu awiri okha akanakwanira: ndinakana ndine. Anakhalabe pampando mpaka Bibiana anapita, anthu n'kubalalika.

Zione anatola zovalazo chimodzichimodzi. Anatunga madzi, ngakhale anesi anali atamuletsa kunyamula zolemera, anakhala pansi n'kuyamba kuchapa. A Ketrina, amene anali m'gulu la oonerera, anabwera kuti amulande chidebe, koma iye anakana mwaulemu, nati alamu asavutike, achita kale zambiri. Posakhalitsa thalauza la Efraimu linali likuuluzika pachingwe cha Wyson, pakati pa matewera a Mwawi, poonekera kwa aliyense wodutsa mumsewu.

A Ketrina anamupeza mlongo wawo kuseri kwa nyumba akupukuta sipanala yosada.

"Tsiku lija ndinanena kuti amayi anabereka asanu ndi anayi," anatero. "Sindinanene kuti anayi tinaika m'manda asanayende, ndiponso kuti amayiwo anapita ndi wachikhumi ali m'mimba. Iwe unali wamng'ono, koma ine ndinachapa nsalu zake. Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Pakamwa pangapa pandipha."

Wyson anapitiriza kupukuta sipanala ija. Akanawadzudzula bwanji, iye amene anali kuseri kwa katani?

M'mawa mwake anapeza zovala zija zitasitidwa, zitapindidwa bwino, zitamangidwa m'chitenje pampando.

"Zovala za eni zauma," anatero Zione. "Mukapereka inu kapena ndikapereke ine? Ndikapita ine anthu apezanso china chonena."

"Unachapiranji?"

"Munthu anandithandiza, ndipo banja lake lagwedezeka chifukwa cha ine. Ndikanazisiya m'fumbi? Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, bambo a Junior. Ine tsamba ndagwa kale dzulo. Mtengo ndiye sindikudziwa ngati ukumva kanthu."

Wyson ananyamula mtolowo.

Pamango panali oyendetsa njinga asanu ndi asodzi angapo akusewera bawo. Ataona Wyson akubwera ndi mtolo m'khwapa anayamba kuseka. Efraimu yekha sanaseke. Anali munthu wamfupi, wa imvi zoyamba m'ndevu, mbadwa ya komweko. Analandira mtolowo ndi manja awiri n'kuuika pampando wa njinga. Wyson anali atakonza mawu akuthwa njira yonse, koma chimene chinatuluka linali funso lokha, loti anakakhaliranji pamalo a mwini.

"Chifukwa pamalopo panalibe munthu," anayankha Efraimu m'Chiswahili. "Mkazi wako ndi wachisanu ndi chiwiri kumuperekeza. M'tauni muno mulibe mwamuna amene wayezedwa magazi kuposa ine. Ena mwa amene akusekawa, akazi awo ndinakhala nawo pabenchi lomwelo."

Kuseka kunazilala. Wina anayamba kuwerenga nkhomo za pabawo ngati zasochera.

Efraimu anamukokera pambali natsitsa mawu. Anati za amayi enawo anaiwala, koma za Zione zinamukhala. Anesi anafunsa kuti mimba imeneyo ndi yachingati, Zione anati yachisanu. Anafunsa ana amoyo, iye anati atatu. Ina ija inapita padera ali yekha m'nyumba ndi ana awiri. Pamenepo anesi anatembenukira kwa Efraimu, poti ndiye anali bambo, n'kumufunsa kuti anali kuti tsikulo, ndipo n'chifukwa chiyani sakumulola mkazi wake kupumula.

"Ndinadzudzulidwa m'malo mwako," anatero Efraimu, "ndipo ndinapepesa m'malo mwako. Mkazi wako analira atamva kupepesako, ngakhale ankadziwa kuti n'kobwereka."

Wyson sankadziwa za mimba imeneyo. Anawerenga miyezi chamumtima, pakati pa Vanessa ndi Naomi, n'kukumbukira nyengo imene anakhala ku Lituhi mwezi wathunthu. Pobwera anamupeza Zione ali gone, milomo itayera. Zione anati ndi malungo, ndipo Wyson anangofunsa ngati madzi osamba alipo.

Efraimu anavomera kuti nayenso analakwa kusamuuza Bibiana. Ankaopa kuti nkhani ituluka, amayi aja n'kuyaluka. Tsopano nyumba yake inali zii. Anati mawu ake mkaziyo sangawamve, koma mawu a mwamuna wake wa Zione mwina angamveke. Wyson anati aganiza. Ngakhale mawu amenewo anamuchititsa manyazi atangotuluka.

Masiku otsatira anayamba kutunga yekha madzi m'mamawa, anthu asanachuluke pampopi. Zione akadzuka ankapeza zidebe zodzaza.

Tsiku lolembedwa pakhadi litafika, Zione anasambitsa Mwawi, anasiya Naomi kwa a Ketrina, navala chitenje chake cha kutchalitchi. Kenako anaima pamaso pa mwamuna wake atatambasula dzanja.

"Sindikupempha chilolezo," anatero. "Thupili ndalisenza ndekha nthawi yonseyi. Ndikungopempha khadi langa."

Wyson analitulutsa m'thumba, litapindikapindika, n'kumupatsa. Zione atafika pamsewu, iye anatseka bokosi la masipanala n'kumutsatira chapatali, ngati munthu amene zangochitika kuti akulowera komweko. Anamupeza pachipata.

Pabenchi panali amayi oposa khumi, ena a iwo a kumpanda aja. Atalowa, anesi, mayi wachikulire dzina lake Yusta, anayang'ana khadi, anayang'ana Wyson, nati si iyeyu amene anabwera ulendo uja. Zenera linali lotsegula, ndipo panja panangoti zii.

"Mwamuna wake ndine," anatero Wyson. Mawu anatuluka otsika, ndiye anabwereza mokweza. "Mwamuna wake ndine. Uja anabwera chifukwa ine ndinakana katatu. Mkazi wanga alibe mlandu ndi munthu."

A Yusta anatenga cholembera. Anati nkhope ya Efraimu anali ataiona ndi akazi ambiri kuposa amene munthu mmodzi angakwatire, koma kutsinzina kunali bwino kusiyana ndi kubweza mayi woyembekezera. Anakhwatcha dzinalo, nalemba la Wyson. Kenako anati poti bambo weniweni wabwera, ayambe wayezedwa magazi monga anachitira mnzake uja.

Wyson anapempha kuti alankhule kaye ndi mkazi wake. Anatuluka n'kukaima kuseri, pafupi ndi thanki la madzi. Kumeneko, maso ali pansi, anamuuza za mayi wa ku Lituhi, za kuwonda kwake, ndi za mantha amene anamudya chaka chathunthu. Ankayembekezera kulira, kapena kutukwanidwa.

"Ndinkadziwa," anatero Zione. "Asodzi a ku Lituhi amagula zitumbuwa kwa ine, ndipo sadziwa kunong'ona. Mumayesa ndinkalimbikira kuti tipite awiri chifukwa chosowa wondinyamulira chikwama? Ine ndinkaopera mwana anali m'mimba. Inu munkaopera nkhope yanu. Tiyeni, anthu akudikira."

Magazi anatuluka abwinobwino. A Yusta anati adzabwerenso pakatha miyezi itatu kuti adzatsimikize. Wyson anadikira kuti chimwemwe chimufike, koma sichinabwere. Chimene chinabwera n'choti mkazi wake anabwezedwa kawiri pachipata, anasekedwa kumpanda, banja la eni linapasuka, zonsezo chifukwa cha kubayidwa chala kumene sikunatenge ndi mphindi yomwe. Anakhala pomwepo atanyamula Mwawi pamene anesi ankamuika Zione kijiti. Kanali kanthu kochepa ngati kamtengo ka machesi. Zione sanatsinzine n'komwe.

Loweruka Wyson anakwera kumbuyo kwa njinga ya Efraimu kupita ku Liparamba. Msewu unali wokwera ndi wamiyala, moti anachita kumugwira m'chiuno munthu amene masabata atatu apitawo ankafuna kumumenya. Anapeza bambo ake a Bibiana, a Benedikto, ali pansi pa mtengo ndi abale ena awiri. Anamupatsa mpando koma iye anakhala pansi. Anafotokoza zonse m'Chiswahili chake cha kugombe: kukana kwake, mantha ake, ndi kuti tsiku la zovala lija anali m'nyumba akusuzumira pakatani. Pofika pamenepo mmodzi wa abalewo anapukusa mutu n'kuyang'ana kumbali.

A Benedikto anati madzi akatayika saoleka, koma munthu wobwera yekha kudzavomera sathamangitsidwa. Anamudzudzulanso mkamwini wawo chifukwa chobisira mkazi wake. Kenako anaitana Bibiana, amene ankamvetsera ali pakhomo.

Bibiana anabwera atagwira nsonga ya chitenje pakamwa. Anati adzabwerera kwa mwamuna wake, koma osati lero. Sankadziwa kuti akadutsa bwanji mumsewu uja, kapena akamuyang'ana bwanji mayi amene anamunyoza ali ndi khanda losakwana mwezi. Anati tsikulo anaona ndithu kuti Zione akuyenda chowerama, dzanja lili pamsana, koma mkwiyo unamutseka maso. Kenako anatembenukira kwa Wyson.

"Nanga panopa ali bwanji? Magazi aja anasiya? Msana ukumulola kugona?"

Wyson anatsegula pakamwa. Onse ankamuyang'ana. Anafufuza m'mutu yankho lililonse, ngakhale labodza, koma sanalipeze. Efraimu anayamba kukonza lamba wa chipewa chake cha panjinga, ngakhale sunali womasuka.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Zione anali pakhonde akusankha mpunga m'lichero, bandeji ili pamkono, Mwawi ali mtulo pambali pake. Naomi ankamukwera pamsana ndi kumukoka tsitsi. Wyson anamunyamula mwanayo n'kumuika pamiyendo pake, nakhala pansi pafupi ndi mkazi wake. Anamuuza mwachidule kuti Bibiana adzabwera, ndipo akupepesa. Zione anangogwedeza mutu, zala zikupitiriza kusankha.

"Mayi a Junior," anatero Wyson patapita kanthawi, "m'thupi mukumva bwanji?"

Zala zija zinaima. Zione anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuona ngati funsolo lili ndi mwini wake.

"Mukufunsa za lero, kapena ndiyambire pa Junior?"

"Yambirani pa Junior."

Zione anaika lichero pansi, anakonza chitenje pamaondo, nayamba.